Madola 499 amene sanali 499

Ulendo wathu woyamba wa pa sitima yapamadzi ndinaupeza usiku, ndili chigonere, foni ili m'manja. Pa chithunzi panali chisitima choyera mbee chitaima pa doko la Barcelona, ndipo m'munsi mwake analemba kuti masiku 7 pa nyanja ya Mediterranean, madola 499 okha. Ndinawagwedeza abambo akunyumba, omwe anali atayamba kale kuliza mkonono.

"Inu, tadzukani muone. Sabata yathunthu, pogona ndi chakudya zili momwemo."

"Zotsalazo azibisa pati?" anatero osatsegula n'komwe maso.

Zinandikwiyitsa, ndipo ndi mkwiyo womwewo ndinalipira dipoziti kusanache. Lero ndimavomera mumtima kuti funso lawo lija ndi loyenera kuyamba nalo aliyense wofuna ulendo wotere, ngakhale kuti pamaso pawo sindinavomerepo.

499 ija inali ya munthu mmodzi, koma powerengera kuti m'chipindamo mugona awiri. Makampani a sitima amawerengera choncho, moti woyenda yekha nthawi zambiri amalipira pafupifupi mtengo wa anthu awiri, pokhapokha apeze sitima yomwe ili ndi tizipinda ta munthu mmodzi. Apa sindinadabwe kwenikweni. Zodabwitsa zinatulukira pa tsamba lomaliza, nditalemba kale maina ndi manambala a mapasipoti: misonkho ndi ndalama za madoko. Doko lililonse limene sitima yaima limalipiritsa, ndipo kampani imangogawira okwera ngongoleyo. Masiku ano zasinthako pang'ono. Kuyambira pa 1 Julayi 2024, lamulo la ku California limafuna kuti mtengo wolengezedwa ukhale ndi zonse zimene wogula sangazizembe, ndiye makampani akuluakulu monga Carnival, Royal Caribbean ndi Norwegian anayamba kuonetsa mitengo ya ku America misonkho ili kale momwemo. Komabe musanayerekeze mitengo iwiri, onetsetsani kuti yonse yawerengedwa mofanana.

Ina imene kawirikawiri simuiona pa chikwangwani ndi ndalama yothokozera antchito. Sitima zambiri zazikulu zimadula tsiku lililonse, kwa munthu aliyense, madola apakati pa 15 ndi 20. Tingoti 18: anthu awiri, masiku 7, ndiye madola 252 amenewo. Sikuti ndimawachitira nsanje antchitowo ayi. Mnyamata amene ankakonza chipinda chathu ndinkamupeza m'chipinda cha makina a zochapa m'mamawa, n'kudzamupezanso akupinda matawulo usiku, ndipo anali atatha miyezi asanaone kwawo. Chinandiwawa n'chakuti ndinazidziwa tsiku lomaliza, pepala la ngongole litalowetsedwa pansi pa chitseko. Pa pepalalo panalinso intaneti, khofi wa pa bala, madzi a m'botolo, ndi basi ya kampani yochoka pa doko la Civitavecchia kupita ku Rome. Mu sitima simugwira ndalama. Kakhadi kotsegulira chitseko ndi komweko kolipirira, ndiye dzanja silimva kuwawa mpaka mapeto. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Abambo akunyumba anawerenga pepalalo, analipinda bwinobwino, n'kundipatsira osanena kanthu. Bola akanalankhula.

Chibwerereni kumeneko ndili ndi kope. Sitima iliyonse imene yandikopa imapatsidwa tsamba lake, ndipo ndimalemba zonse kuchokera potseka chitseko cha nyumba mpaka podzachitsegulanso: tikiti ya sitima, misonkho, zothokozera, ndege, hotela ya usiku umodzi pa doko, viza ngati ikufunika, inshuwalansi, mayendedwe a pa madoko. Ndikaphatikiza ndimagawa ndi masiku a ulendo, ndipo nambala imeneyo ndi yokhayo imene ndimayerekeza. Hotelayo sindiichotsapo ngakhale zinthu zithine. Ndege ikachedwa sitima siyembekeza, ndipo kufika tsiku lomwelo lonyamuka n'kutchova juga ndi ndalama zonse za ulendo. Kawirikawiri tsamba lotchipa m'kope langa si la sitima imene inali yotchipa pa chikwangwani. Nthawi ina ulendo wokwererapo ndi madola 150 pa munthu unapambana chifukwa zothokozera ndi intaneti zinali kale m'kati, komanso doko lake linali ndi ndege zambiri.

Dzina la doko muziliwerenga kawiri. Zotsatsa zikati Rome, sitima imakhala ili ku Civitavecchia, pafupifupi makilomita 80 kuchoka mu mzindawo. Sitima yapamtunda imatenga ola limodzi ndi mphindi zingapo pa mayuro ochepa chabe, pomwe ife tinalipira kangapo kuposa pamenepo pa basi ija. Zikati Venice, chenjerani kwambiri: kuyambira mu Ogasiti 2021 boma la Italy linaletsa sitima zikuluzikulu kudutsa pakati pa mzindawo, ndiye zina zimaima ku Marghera, zina mpaka ku Ravenna kapena ku Trieste, mtunda wa maola awiri kapena kuposerapo. Kudziyendera nokha pa madoko kumapulumutsa ndalama zambiri ndithu, kungoti sitima imadikira okhawo amene apita ndi gulu la kampani. Ife timabwerera kukadali maola awiri.

Nkhani ya nthawi yogulira ndi imene anthu amakangana kwambiri. Ena amati gulani chaka chathunthu zisanachitike, ena amati dikirani masabata omaliza. Onse akunena zoona, koma aliyense za moyo wake. Makampani ambiri amafuna malipiro omaliza kukatsala masiku 75, 90 kapena 120. Tsikulo likadutsa, amene anangosungitsa malo osalipira amagwa, kampani imaona zipinda zimene zatsala, ndipo ngati zili zambiri imatsitsa mtengo, chifukwa chipinda chopanda munthu sichigula khofi kapena mowa. Wokhala pafupi ndi doko, amene angangonyamula chikwama n'kukwera basi, amapindula nazo. Koma wofunika ndege ndi viza, zimene wapulumutsa pa sitima zimakathera pa tikiti ya ndege yogula mochedwa.

Ine ndimasungitsa malo msanga, makamaka pakati pa Januwale ndi Malichi pamene makampani amapikisana kwambiri ndi zotsatsa, kenako ndimakhalira kulondera mtengo. Apa ndi pamene pagona phindu lenileni, ndipo anthu ambiri sadziwa. Ngati mtengo wa chipinda cha mtundu womwewo watsika musanapereke malipiro omaliza, makampani angapo amalola kukusinthirani ku mtengo watsopano, kapena kukupatsani ndalama yoti mukagwiritse ntchito mu sitima. Sadzakuimbirani kuti akuuzeni. Muyenera kufunsa nokha. Lamlungu lililonse madzulo ndimatsegula tsamba la kampani ngati mlendo watsopano, n'kulemba mtengo m'kope. Pa ulendo wathu wachitatu ndinauona utatsika, ndinaimbira ejenti wathu wa zamaulendo m'mawa mwake.

"Mayi, mwaonera pati?" anafunsa.

Ndinamuwerengera. Anati ndidikire pang'ono, ndipo asanadule foni anali atasintha. Chinthu chimodzi chokha: funsani kaye ngati mtengo watsopanowo ukubwera ndi zonse zimene munalonjezedwa poyamba. Mwina zakumwa zaulere zija zichokapo, n'kupezeka kuti mwataya zambiri kuposa zimene mwatola. Funsaninso za dipoziti. Mitengo yotsikitsitsa kawirikawiri imakhala ya dipoziti yosabwezedwa, ndipo moyo wa munthu m'miyezi 10 umatha kutembenuka.

Za ejenti, poyamba ndinkaganiza kuti ndi munthu wongodyera pakati. Koma nthawi zambiri amalipidwa ndi kampani ya sitima, osati ndi inu, ndipo akuluakulu amasungitsa zipinda zambiri pamodzi pa mtengo wa gulu. Ndimatumiza ulendo womwewo kwa awiri kapena atatu, tsiku lomwelo, mtundu wa chipinda womwewo, n'kuona amene awonjezere kanthu.

Masiku onyamukira amasintha mtengo kuposa kuchenjera kwina kulikonse. Julayi, Ogasiti ndi sabata ya Khirisimasi, ana akatsekera sukulu, zonse zimakwera. Ku Mediterranean, kumayambiriro kwa Meyi kapena mu Okutobala kumatchipa, ndipo simupsa ndi dzuwa pa mizere ya anthu. Ku Caribbean mitengo imagwa mu Sepitembala ndi Okutobala chifukwa ndi pachimake pa nyengo ya anamondwe, yomwe imayamba pa 1 Juni n'kutha pa 30 Novembala. Sitima zimadziwa kuwalambalala, koma chilumba chimene munkachifunitsitsa chikhoza kusinthidwa ndi china popanda kukubwezerani kanthu. Sitima yatsopano nayo imadula chifukwa cha dzina. Icon of the Seas itayamba kunyamula anthu kuchokera ku Miami mu Januwale 2024, aliyense ankafuna kukwera sitima yaikulu kuposa zonse, pomwe zakale za kampani yomweyo zinkayenda nyanja yomweyo pa mtengo wotsika kwambiri. Madzi ndi omwewo.

Za kugula zakumwa za ulendo wonse pamodzi sinditaya nthawi. Werengani makapu amene mumamwa pa tsiku, osati amene mukulota kudzamwa, ndipo dziwani kuti makampani ambiri amafuna akuluakulu onse a m'chipinda agule. Kwa ife, amene mmodzi amangomwa tiyi, sizinapindulepo.

Ulendo umene ndimaukonda kuposa onse ndi umene unali wotchipa kuposa onse pa tsiku. Chaka chilichonse sitima zambiri zimasamuka: cha mu Epulo zimachoka ku Florida kupita ku Ulaya, cha mu Okutobala ndi Novembala zimabwerera. Ndi ulendo wa pafupifupi masabata awiri, masiku ambiri muli pakati pa Atlantic osaona mtunda, mwina kungoima ku Funchal pa chilumba cha Madeira kapena ku Ponta Delgada ku Azores. Anthu ambiri safuna, ndiye mtengo umagwa. Vuto ndi ndege, chifukwa mumakwerera kontinenti ina n'kukatsikira ina, choncho kope liyenera kugwira ntchito. Ife tinasankha wolowera kumadzulo, kuchokera ku Barcelona. Pakati pa Spain ndi Florida pali kusiyana kwa maola 6, ndiye masiku angapo woyendetsa sitima ankalengeza kuti tibweze wotchi ndi ola limodzi. Tsiku la maola 25, popanda kulipira lowonjezeralo. Ine zoterezi zimandisangalatsa mwina kuposa mmene ziyenera kukhalira.

Pa ulendo umenewu tinatenga chipinda cham'kati, chopanda zenera, ndiponso tinalola kuti kampani itisankhire chilichonse chimene chatsala, chifukwa kutero kumatsitsanso mtengo. Ndi mwayi chabe: mukhoza kugwera pansi pa malo ovinira kapena pafupi ndi injini. Ife tinagwera pakati penipeni pa sitima, pamene mafunde sagwedeza kwambiri. Abambo akunyumba anadandaula tsiku loyamba kuti ndawalowetsa m'kabati ya zovala, ndipo ankayang'ana ndi diso la kaduka anzathu a zipinda za khonde. Usiku womwewo, mu mdima wa ndiwe yani uja, anagona maola 10 osatembenuka.

Sabata yatha ndinawapeza atatsegula kope langa pa tsamba la ulendo wa ku Norway, akuwerengera ndi pensulo. Pa mzere wa chipinda anali atafufuta "cha khonde" chimene ndinalemba ine, n'kulembapo "cham'kati". Ndawauza kuti mapiri a ku Geiranger munthu sawaonera m'kabati, ndipo mpaka pano sitinagwirizane. Dipoziti ndalipira ya cha khonde, yobwezedwa, ndipo Lamlungu likubwerali ndionanso mtengo.