Loweruka la matope ku Masasa

Mvula ya usiku yandiwonongera ntchito ya masabata awiri. Podzuka ndapeza dothi lonse lomwe ndinaunjika kuseri kwa nyumba lakokoloka mpaka m'ngalande, mbande zanga za maluwa zili mizu m'mwamba. Aliyense kuno ku Masasa amadziwa kuti malo ndi otsetsereka, koma ine ndinkadziyesa wochenjera.

Cha m'ma 10 anatulukira amalume pa kabaza kuchokera ku Katoto, jekete ili noninoni. Iwo ndi a chipembedzo cha Baha'i, ndipo nkhani ya maluwa ukaiyamba nawo tiyi amazizira. Ataona matopewo anangoseka n'kutulutsa foni.

"Mphwanga, ukudandaula kachitunda aka? Taona phiri ili."

Linali phiri la Karimeli mumzinda wa Haifa, ku Israel. Mbali imodzi ya phirilo anaidula masitepe 19, kuchokera m'munsi mpaka pamwamba mtunda wa pafupifupi kilomita imodzi, ndipo sitepe iliyonse ndi munda pawokha. Pakatikati pali nyumba ya denga lozungulira lagolide, pomwe anaika mafupa a Báb, mneneri yemwe Abaha'i amamulemekeza, mu 1909. Dengalo linatha mu 1953, koma minda anadzaitsegulira mu 2001. Ndinakuza chithunzicho ndi zala. Kapinga wometedwa bwinobwino, maluwa ofiira m'mphepete, mitengo yowonda yaitali itaima uku ndi uku mofanana ndendende, timadzi tikutsika m'mbali mwa makwerero. Chomwe chili kumanja chiliponso kumanzere, moti maso amangokwera okha mpaka kukafika padenga lija. Pamenepo ndi pomwe pandigwira mtima. Maluwawo sanawadzale kuti uziwayang'ana iwowo ayi, akukulozera nyumba.

"Munafikako, amalume?"

"Ayi, ine mwendo wanga unathera ku Kampala."

Kumeneko, pa phiri la Kikaaya, kuli kachisi wawo yemwe anatsegulidwa mu 1961, wa mbali 9 monga amakhalira akachisi onse a Abaha'i. Akuti mkatimo simulalikidwa, amangowerenga malemba ndi kupemphera, ndipo aliyense amalowa. Iwo chomwe sanachiiwale n'chakuti unkayamba wadutsa m'munda usanafike pakhomo, pofika phokoso la m'mutu litatha.

Ndinawakumbutsa kuti ku Haifa chilimwe chonse mvula sigwa, pomwe ife a Mzuzu imativumbwa ngakhale mu Juni. Anati vuto langa si mvula, ndi ulesi wotuta miyala.

Tinatuta ndithu, wilibala yobwereka, tayala lake lophwa. Pofika 4 koloko tinali titamanga sitepe imodzi yokha, yokhota pang'ono kumapeto. Mbande 7 zinapulumuka, tazibwezera m'dothi. Amalume achoka akutsimphina, ati Loweruka likubwerali abwera ndi chingwe choongolera mzere. Panopa msana ukuwawa, ndipo kumalata kwayambanso kudontha.