Tsiku limene bakiteriya wanga anaphulikira Madamu

Silabasi inkangofuna kuti ana adziwe kuti bakiteriya amachulukana podzigawa pakati, mmodzi n'kukhala awiri. Mphunzitsi wanzeru akanajambula soseji pabolodi, n'kuidula ndi choko, n'kulandira malikisi ake. Koma ine ndinali pa tichingi pulakatisi, mutu uli tho ndi za ku koleji, ndipo tinali titamva kuti Madamu odzatiyesawo amadana ndi mphunzitsi wobwera m'kalasi chimanjamanja.

Nkhani yake inkandikomera, sindinama. Bakiteriya ali ngati kathumba kodzaza madzi okankhira kunja, ndipo mwa mitundu ina mphamvuyo imaposa ya mpweya wa m'tayala la galimoto. Chimam'gwira kuti asaphulike ndi khoma lotchedwa peptidoglycan, lolukidwa ngati ukonde: timizere ta shuga tolumikizidwa ndi timaunyolo ta ma amino acid. Ndiye pogawikana amachita zimene mmisiri aliyense angakane, kumanga khoma latsopano pakati pa nyumba uku akugumula lakale, eni ake ali momwemo. Puloteni yotchedwa FtsZ imayamba yazungulira pakati ngati lamba m'chiuno. Mphete imeneyi asayansi anaionetsa koyamba mu 1991, mwa bakiteriya wotchedwa E. coli. Kenako imasonkhanitsa antchito a mitundu iwiri: odula ulusi wakale kuti papezeke malo, ndi osoka watsopano. E. coli akamadya bwino amatha kugawikana pa mphindi 20 zilizonse. Wokumangirani nyumba uja, chaka chatha akadali pa lintala.

Ndinagula baluni yaitali pagolosale, n'kuilowetsa m'sokosi yanga ya mpira. Baluni ndiye kathumba, sokosi ndiye khoma. Madzi wamba ndinawanyoza kuti akuoneka opanda moyo, choncho ndinathiramo thobwa limene amayi a lendi anandigawira, n'kumanga kukamwa bwinobwino. Ndinachita zimenezi madzulo, mwezi wa Okutobala, m'chipinda cha malata chopanda siling'i. M'mawa ndinaipeza itafufuma, ili gwa ngati mkono wa munthu wonyamula zitsulo. Ndinangoti, eya, bakiteriya wathanzi.

Madamu anafika atavala bulauzi yoyera ngati ya Mvano, n'kukakhala kumbuyo ndi fayilo yawo. Ndinaitana mnyamata wina kuti akhale FtsZ, azikoka linya amene ndinazunguliza pakati pa sokosi. Mtsikana wina ndinam'patsa singano ndi kachigamba kuti akhale wosoka. Ine ndinatenga lezala, wodula. Poyamba zinkayenda mokoma. Ndikang'amba pang'ono, iye n'kuphimba, mnyamata n'kukoka, chiuno cha bakiteriya n'kumaning'a. Kalasi inali zii. Ndinaona Madamu akugwedeza mutu n'kulemba kanthu, ndipo pomwepo dyera linandigwira.

"Ana inu," ndinatero, "mu 1928 Alexander Fleming, ku London, anaona nkhungu itapha mabakiteriya m'kambale kake. Ndi kumene kunachokera penicillin. Mankhwalawa sakantha bakiteriya ndi chibonga ayi. Amangogwira manja a osoka, odula aja n'kumapitiriza ntchito osadziwa kuti anzawo aweruka. Ife maselo athu alibe khoma lotere, n'chifukwa chake samatiphulitsa nawo." Ndinatembenukira kwa mtsikana uja. "Iwe, penicillin wakugwira, siya kusoka."

Anasiyadi. Ine ndinadula kawiri, katatu. Cholinga changa chinali chakuti baluni ingosuzumira pang'ono pabowopo, chifukwa ndi mmene bakiteriya weniweni amachitira, amayamba watupa chithuza chapakatipo asanafe. Chithuza chinatulukadi, koma chinkakula ngati chili ndi msonkhano kwina. Kuchoka pa dzira la nkhunda kufika pa bango sipanadutse nthawi.

"Sala, ndisiye kukoka?" anafunsa FtsZ, mawu akunjenjemera.

"FtsZ sasiya ntchito, koka!"

Apa n'kuti Madamu atanyamuka kuti adzaone pafupi. Anakonza magalasi, n'kuwerama.

Phuu!

Thobwa losasa lili ndi fungo lakelake, ndipo likauluka silisankha waudindo. Linatera pamagalasi, pabulauzi, pafayilo, lina linakafika pa mapu a Africa kukhoma n'kutsika nawo mtsinje wa Nile. Timadeya ta chimera tinakakamira m'mesh ya Madamu ngati mpunga wa paukwati. Palibe anaseka. Ana makumi asanu ndi atatu anagwira mpweya nthawi imodzi, ine nditaima ndi lezala m'dzanja ili, sokosi yonyowa m'dzanja linalo. M'pamene nzeru za ku koleji zinabwera, mochedwa ngati apolisi: m'thobwa muja munali yisiti ndi mabakiteriya enieni, amene usiku wonse wotenthawo ankadya shuga, kugawikana mwadongosolo lake, n'kumapopera mpweya m'baluni mwanga.

Madamu anavula magalasi, n'kuwapukuta pang'onopang'ono ndi ngodya ya chitenje chimene mtsikana wina anawathamangitsira. Sanandiyang'ane n'komwe. Anafunsa kalasi kuti, "Ndani angandiuze chimene chapha bakiteriya wa aphunzitsi anuwa?"

Mnyamata wina wa kumbuyo, amene chiyambire temu sindinamvepo mawu ake, anaimika mkono.

"Osoka anasiya, odula anapitiriza, Madamu. Komanso FtsZ anauzidwa kuti asasiye."

Apo ndiye kalasi inagumuka, mpaka ahedi anatulukira pawindo ndi ndodo poganiza kuti kwalowa njoka.

Pafomu yanga, imene inauma itapindika ngati chikopa, pamalo a zipangizo Madamu analemba kuti zinalipo zokwanira kalasi yonse ndi alendo omwe. Ndinakhoza, koma Surf ndi Jik wa bulauzi ija ndinagula ndine, pa alawansi yosayamba n'kale. Sabata yotsatira ndikulowa ndi phunziro la mapapo, nditanyamula botolo ndi mabaluni awiri, ndinapeza mabenchi atatu akutsogolo alibe munthu, ndipo mtsikana wa singano uja atatambasula kale ambulera.