Kakatoni kamene sinditaya mpaka mawa lake

Pa tebulo langa pamakhala timakatoni tambiri tokhala ndi guluu wolimba, kalikonse nditalembapo tsiku ndi nambala ya ndodo ya gofu. Wondichezera koyamba amayesa ndi zinyalala. Ine ndimati ndi mboni zanga.

Zinayamba ndi ndodo ya 7-iron imene ndinamanga ndili ndi phuma. Ndinalumikiza mutu wake ndi shafti, thunthu lalitali la ndodoyo, pogwiritsa ntchito guluu wa epoxy wa mphindi 5, m'chipinda muli zii kuzizira, ndipo pasanathe ola ndinali pabwalo kukaiyesa. Mipira isanu yoyamba inapita bwinobwino. Pa wotsatira ndinangomva manja kupepuka, kuyang'ana kutsogolo, mutu wa ndodo uli m'malere kulondola mpira. Mwayi wake kunalibe munthu. Nditabwerera ndinapeza kakatoni kamene ndinasakanizirapo kali pompo. Kudinikiza ndi chikhadabo, chinalowa ngati m'sopo wonyowa.

Timakonda kunena kuti guluu akuuma, koma epoxy sauma ngati matope padzuwa. M'chubu chimodzi muli resin, m'chinacho hardener wolimbitsa, ndipo ziwirizi zikasakanikirana zimagwirana zokha n'kusanduka chinthu chimodzi cholimba. Chimene chimayendetsa ntchitoyi ndi kutentha. Maola 24 olembedwa pachubu amawerengera chipinda chofunda, cha madigiri pafupifupi 22, ndipo kutentha kukatsika ndi madigiri 10 nthawi ija imatha kuwirikiza kawiri. Mphindi 5 zija nazonso ndi zoti guluu agwire chabe, osati zoti ndodo ikamenye mpira. Ena amawonjezera hardener poganiza kuti afulumizitsa. Akungodzinamiza, wotsalayo amasowa chogwirana nacho ndipo guluu amakhala wofewa mpaka kalekale. Muyeso wolembedwa pachubu, nthawi zambiri mbali ziwiri zofanana, si wokambirana.

Masiku ano ndimagwiritsa ntchito wa maola 24 pafupifupi pa ndodo iliyonse. Amandipatsa mpata wozunguza shafti mpaka zolemba zake zitayang'ana kumene ndikufuna, komanso sakhala wophweka kusweka ngati wofulumira uja. Mutu wa driver, ndodo yomenyera mpira kutali kwambiri, umalemera magalamu 200 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo umafika pa mpira ukuthamanga makilomita oposa 150 pa ola kwa womenya wamphamvu. Zonsezo zimatsamira pa kamalo kosakwana masentimita anayi kamene mutu ndi shafti zimagwirana.

Msampha winanso ndi wofuna guluu wolimbitsitsa, uja womatira zitsulo za injini. Kugwira amagwiradi. Koma ndodo ya gofu imamangidwa kuti tsiku lina idzamasulidwe, mwina shafti yathyoka kapena mwini wake akufuna yofewerapo. Epoxy wopangira gofu amalekerera ukamuwotcha pang'ono, pamene wa injini amafuna moto wambiri. Tsono shafti ya graphite nayonso ndi ulusi wa kaboni womatidwa ndi resin, ndiye moto umene ungagonjetse guluu woteroyo umaphikanso shaftiyo. Ndinatayapo imodzi mwa njira imeneyi, nsonga yake inangoyoyoka ngati tsache lakale. Pochotsanso graphite osaipotokola, imafunika kukokedwa molunjika.

Kunena zoona, mitu yambiri imene ndaiona itazuka sinali nkhani ya mtundu wa guluu. Kunali kusakonza. Nsonga ya shafti yachitsulo ndimaikwecha ndi sandipepa mpaka kunyezimira kutatha. Ya graphite ndimangochotsa penti, osafika pa ulusi. M'bowo la mutu, lija timati hosel, ndimapala guluu wakale yense, n'kupukuta ndi mankhwala otsukira a acetone mpaka kansalu katuluke koyera. Kenako ndimayesa kulowetsa popanda guluu. Ma iron, ndodo za mutu wopyapyala wachitsulo, ena amafuna nsonga ya mainchi .355 yosongoka, ena .370 yosasongoka, ndipo ma wood, aja a mutu waukulu ngati driver, ambiri ndi .335 kapena .350. Ikamagwedera pang'ono ndimathira timikanda tagalasi tosalala ngati fumbi m'guluu kuti shafti ikhale pakatikati. Ikamagwedera kwambiri, guluu sangakonze zimenezo.

Kuchulutsa nakonso kuli ndi chilango chake. Guluu wosefukira amakwera m'kati mwa shafti, amalimbira momwemo, kenako kachidutswa kamathyoka. Ndodo yonse yabwinobwino n'kumangoti kwechekweche ukaigwedeza. Phokoso limenelo limandinyansa kuposa mpira wolowa m'madzi.

Ndikamaliza ndimapukuta guluu wotuluka pa ferrule, kamphete ka pulasitiki kokhala pamene shafti imalowera m'mutu, asanalimbe, ndodo n'kuiimika mutu uli pansi, kakatoni pambali pake kuti zonse zimve kutentha kofanana. M'mawa mwake ndimayamba ndagwira kakatoniko, osati ndodo. Chikhadabo chikaterereka osasiya chizindikiro, ndodo imalowa m'chikwama. Dzulo pa kakatoni ka sand wedge, ndodo yotulutsira mpira mumchenga, chinasiya kamzere kakang'ono, ndiye ikadali chiimire pakona mpaka mawa.