Kadona waliranso: batire linali bho, wondipha anali waya wa earth

Lero cha m'ma 4 koloko madzulo Kadona walira, kungotembenuza kiyi kamodzi basi injini n'kudzuka ngati sinandizunzepo, ndipo ndakhala mkati mphindi khumi osapita kulikonse, kumangomvera phokoso lake ndikuseka ndekha mpaka mayi a kunyumba kusuzumira pawindo kuti mwina zayamba kusokonekera. Masiku 5 akuluakulu, masiku 5 athunthu pa ntchito yomwe ndinkati ndi ya mphindi 20 ndi sipanala ya 10.

Amene simumudziwa Kadona, ndi Mazda Roadster yanga yofiira ya 2001, NB8C, injini ya 1.8, magiya 6, ija azungu amaitcha MX-5. Inachokera ku Japan kudzera pa Dar es Salaam ndi Songwe, ine ndinagula kwa munthu wachiwiri kuno ku Blantyre atatopa ndi kukhula pansi pa ma hampu. Ndiye monga mukudziwa, Roadster za mtundu woyamba ndi wachiwiri, NA ndi NB, batire lake silikhala ku boneti ayi, lili kumbuyo mu buti, mbali ya kumanja. Pa mtundu wachitatu, NC ya 2005, mpamene analisamutsira kutsogolo. Kalekale ndikungoigula kumene mnyamata wina pa filing'i station anatsegula boneti kuti andithandize kujampa, anafunafuna mpaka kundifunsa kuti bwana galimotoyi imayendera chani kkkk.

Batire lakale linayamba kufooka mu June muja kukuzizira, m'mawa kumakoka movutikira, kwee kwee kwee kenako n'kulira. Ndinapima ndi mita, 12.1 volts itagona usiku wonse, pomwe batire labwinobwino lodzadza limayenera kukhala cha pa 12.6. Injini ikulira ndinkapeza 14.1, ndiye alitaneta ndinaichotsa mlandu. Komanso mizere ya mafuta ija inathandizira kulipha, kuliza, kusendera mamita awiri, kuzimitsa, kulizanso, tsiku lonse, batire lanji lingapirire zimenezo.

Vuto loyamba linali kupeza loyenera. Loyambirira la ku fakitale ndi la Panasonic, S46A24L(S), la AGM lija asidi wake satayika, lalifupi, lokhala ndi timapaipi totulutsira mpweya kunja kwa buti. Limenelo musadzivute kulifuna m'mashopu a ku Limbe, ndinayenda mpaka nsapato kutentha, aliyense kumangondionetsa N70 kuti bwana ili ndiye lamphamvu, ngati ndikufuna la minibasi. Kuitanitsa kunja ndinawerengera mtengo ndi wonyamulira, ndi mmene kwacha inagwera mu November 2023 ndi 44 peresenti muja zinthu sizinabwererenso, ndinangotseka foni. Mapeto ake ndinatenga la saizi ya B24, losathira madzi. Chenjerani apa, 24 ameneyo ndi kutalika kwa batire mu masentimita ndiye m'litali limakwana bwinobwino, koma B ndi lalitali kupita m'mwamba kuposa A wa loyambirira lija, komanso B24L wamba ali ndi timitu tating'ono pomwe ma clamp a Roadster ndi a mitu ikuluikulu. Ine ulendo woyamba ndinabwera nalo la timitu tating'ono, clamp kumangozungulira ngati chibangiri pa mkono wa mwana. Ndinabwerera kukasinthitsa ndi la LS la mitu ikuluikulu, mwayi wake mdala wa pashopupo ndi munthu womva, ndakhala ndikugula kwa iye kuyambira nthawi ya Corolla yanga yakale ija ndinaisintha ma shoko anayi pabwalo la nyumba ya lendi landilodi akundiyang'ana ndi diso lofiira. Mdalayu sakunamiza, chinthu akakhala alibe amakuuza kuti ndilibe, pitani kwa uje, zosowa masiku ano.

Loweruka ndinayamba ntchito. Kuchotsa kapeti, kumasula negative kaye kenako positive, izi sindikuuzani inu, koma mu buti mopanikizana muja sipanala ikagunda bodi uli pa positive negative isanachoke umaona nyenyezi masana. Clamp ya negative inali itamera zoyerayera zija ngati ufa, inakanirira, ndinaipotokola uku ndi uku mwamphamvu mpaka inazuka. Sungani mawu amenewa, ndinaipotokola. Nditatulutsa batire ndinapeza zomvetsa chisoni, mwini wake wakale anaika batire la asidi wamba popanda kapaipi kalikonse, ndiye kwa zaka nthunzi ya asidi imangozungulira mu buti, pansi pake dzimbiri lofiira, penti kusupuka ngati khungu la njoka. Ndinakaba soda wa therere kukhitchini, kusungunula m'madzi ofunda, kuthira, thovu kuti fwaa, kutsuka katatu, kukwecha ndi burashi ya waya, kupaka red oxide. Soda ameneyo mlandu wake sunathebe mpaka pano.

Lamulungu penti itauma ndinaika latsopano. Chomangira batire chinafupika chifukwa cha msinkhu wa batire, ndinapinditsa ma J-bolt ena ataliatali kwa wowotcherera wa pa msewu wathu. Positive, kenako negative, kumanga, kupaka Vaseline pa mitu. Kulowa mkati, kiyi pa ON, dashibodi yonse kuwala mbee, pampu ya mafuta kulira bwinobwino. Kutembenuza. Tcha. Basi. Kuyesanso, tcha, magetsi a pa dashibodi kuchita ngati akukomoka kenako kubwerera.

Apa mpamene mutu unaima. Batire latsopano, mita ikuti 12.6, nyali zakutsogolo zikuwala mpaka pa mpanda wa aneba, hutala ikulira. Ndinaganiza kuti mwina andigulitsa lokhalitsa pa shelefu, ndinapempha achimwene a pafupi apa abweretse Hilux yawo tijampe. Tinamangirira ma jampa pa mitu ya batire mu buti, iwo kuponda moto, ine kutembenuza, tcha yemweyo. Tinaikankha pa kamtsetse ka kutsogolo kwa geti, giya 2, kusiya klatchi, inalira nthawi yomweyo n'kumayenda bwinobwino. Achimwene aja anangoti ndi sitata imeneyo mphwanga, mabulashi atha, ndipo ine ndinavomera chifukwa zinkamveka zanzeru, komanso munthu ukatopa umangofuna wina akuuze dzina la matenda.

Lolemba ndi Lachiwiri zinathera pa sitata. Amene munachotsapo sitata ya NB mukudziwa, ili pansi pa intake manifold, bauti yam'mwamba ija sumaiona, umangoipapasa ndi zala mkono utapindika ngati wa nyani, ma extension awiri kulumikiza ndi kajointi. Galimotoyo ndi yaifupi moti jeki yanga yaikulu silowa mpaka nditayamba ndakweza matayala pa matabwa. Ndinayang'ananso fyuzi ya MAIN ija, ili bwino, relay ndinasinthanitsa, palibe. Sitata nditaitulutsa, zala zili magazi okhaokha, ndinapita nayo ku Ndirande kwa wa zamagetsi a galimoto, anaiika pansi n'kuiponda ndi phazi, kugunditsa waya pa batire lake, inazungulira mwaukali mpaka kufuna kuthawa. Anandiyang'ana n'kunena kuti bwana iyi ilibe mlandu, koma poti mwabwera nayo tiyeni tiipukute. Ndinamulipira ya kupukuta chinthu chosadwala, kubwerera, kukaibwezeretsa usiku ndi tochi ya foni kukamwa magetsi atathima. Kutembenuza. Tcha.

Usiku umenewo ndinaganiza zoigulitsa, zoona. Ndinayamba kuwerengera kuti ndingapeze Vitz yabwino n'kutsala ndi chenji.

Chomwe chinanditsegula maso ndi fungo. Lachitatu madzulo ndikuyesayesa, ndinagwira kiyi pa START kwa nthawi yotalikirapo chifukwa cha mkwiyo, ndiye kumveka kafungo ka pulasitiki yopsa ku boneti. Ndikugwiragwira ndinapeza kebulo ya akiseleta ili yotentha, chinthu chomwe sichiyenera kudutsa magetsi n'komwe. Ndinakhala pansi pa tayala. Ngati moto ukudutsa mu kebulo ya akiseleta ndiye kuti ukusowa njira yobwerera ku batire, ukungolowa paliponse pomwe papezeka chitsulo. Masiku onsewa ndimapima batire lili phee osagwira ntchito, ndipo 12.6 imeneyo imandinamiza, chifukwa nyali ndi wailesi zimakoka ma amp ochepa, tingachepe bwanji timawaya timadutsa, koma sitata imafuna ma amp opitirira 100 nthawi imodzi.

Ndiye kupima voltage drop, moto wotayika mu waya, pa galimoto yomwe batire lili kumbuyo injini kutsogolo ndi sewero lina, mawaya a mita safika. Ndinadula waya wa sipika wakale mamita anayi, mbali ina kumangirira pa mutu weniweni wa negative, osati pa clamp, pamutu penipeni, mbali ina ku mita, ndipo waya wina wa mita kugunditsa pa injini. Ndinaitana mwana wanga wamkazi kuti atembenuze kiyi, giya ili pa fili handibuleki m'mwamba. Pa waya wabwino umayenera kuona mwina 0.2 kapena 0.3 volts basi. Ine mita inalumpha kupitirira 5. Ndinakuwa ngati Flames yagoletsa. Kutsimikiza, ndinatenga jampa imodzi yokha, kuchoka pa negative ya batire kukaluma pa chitsulo cha pansi pafupi ndi diff, mwana kutembenuza, Kadona vuuu.

Pa magalimoto amenewa waya wa negative amamangidwa pa bodi pafupi ndi batire, kenako amapitirira pansi kukafika pa PPF, chitsulo chachitali chija chimalumikiza giyabokosi ndi diff, ndipo moto wa sitata umabwerera kudzera kumeneko. Kunja waya ameneyu amaoneka wabwinobwino, wakuda, wosang'ambika. Nditamusenda ndi leza kuyambira pa clamp, mkati monse munali mobiriwira ngati ndere, kopa kumangoyoyoka m'manja ngati fodya wouma, mwina masentimita 15 onse. Timawaya tamoyo tinatsala tinali tosakwana khumi. Asidi uja anakhala akulowa pansi pa chikopa cha waya kwa zaka, ndipo kwee kwee wa mu June uja theka linali batire theka anali waya ameneyu. Tsiku lomwe ndinapotokola clamp ndi mphamvu zanga zonse ndi lomwe ndinamalizitsa totsalato. Ndiye kuti ndinadzipha ndekha Loweruka lomwelo ndisanaike n'komwe batire latsopano. N'chifukwa chakenso kujampa ndi Hilux sikunathandize, tinaluma pa batire pomwepo, moto wonse wa Hilux kumakafera pa waya wowola yemweyo. Tikanaluma negative pa injini bwenzi ndinadziwa Lamulungu.

Lero m'mawa ndinakagula kebulo ya mashini owotcherera ya 35mm, yofewa bwino ija, ndi ma lug a kopa ndi clamp yatsopano. Ena amangophwanya lug ndi hamala pa mwala, ine ayi, ndinapita kwa anyamata oika ma sola anandifinyira ndi chida chawo chenicheni, kenako heat shrink. Pa bodi ndi pa PPF ndinakwecha ndi sandipepala mpaka chitsulo kuwala, kumanga, girizi pamwamba. Ndinapukutanso kalamba ka earth kochoka pa injini kupita ku bodi, nakonso kanali kakuda bii. Kupimanso, 0.18. Batire pokoka silikutsika pansi pa 10.8. Sitata ikuzungulira liwiro lomwe sindinalimvepo chigulireni galimotoyi, ndimaganiza kuti Roadster zonse zimadzuka mwaulesi, eti ayi ndithu.

Mpweya wa batire ndaupezera njira, latsopanoli lili ndi kabowo m'mbali, ndalowetsamo kapaipi ka mu thanki ya nsomba n'kukatulutsira pa bowo la pansi pa buti lomwe a Mazda anasiya kale. Si AGM, ndikudziwa, ena mundinyoza, koma asidi sazunguliranso mkati. Chivundikiro cha batire sichikukhala bwino chifukwa cha msinkhu uja, kapeti yatukuka ngati ili ndi mimba, ndangophimba positive ndi labala wa chubu kuti zitsulo za mu buti zisakhudze. Idling inatsika pang'ono poyamba ngati ikufuna kuzima pa mphambano, kompyuta inaiwala zake batire litachoka, koma nditazungulira mpaka ku Chichiri n'kubwerera yakhazikika. Wailesi nayo yafufuta masiteshoni onse, ngakhale kunena zoona ija ndi ya ku Japan yothera pa 90 MHz, mawailesi athu ambiri siigwira n'kale.

Kebulo ya akiseleta ija ndiyenera kuisintha, chikopa chake chasungunuka pena ndipo pedulo ikumveka yolimba pang'ono, sindikudziwa ndikaipeza kuti, mwina ndilembere anyamata a ku Johannesburg aike mu basi. Waya wa positive naye sindikumukhulupiriranso, wagona mu nthunzi yomweyo zaka zomwezo, koma kumusintha ndiye kumasula galimoto yonse pansi kuchokera ku buti mpaka ku sitata ndipo zala zanga zisanapole sindibwererako. Loweruka likubwerali ndikufuna kukwera nayo Zomba mpaka pamwamba pa phiri denga lili pansi, ndikabwerako ndiye ndiyambe za ma bush onse a sasipenshoni, denga latsopano mvula isanayambe, ndipo ndaona munthu wina anaikamo turbo mu injini ya BP yomweyi ndiye ndakhala ndikuwerengera mapaipi usiku. Mayi a kunyumba akuti ndibweze kaye soda.