Usiku wa ku Erlian, kumene sitima imasintha mawilo

Sitima yochokera ku Beijing kupita ku Ulaanbaatar imafika pa siteshoni ya Erlian, m'malire a China ndi Mongolia, kunja kutada kale. Mapasipoti amadyako nthawi, koma chimene chimakugonetsani pamenepa maola angapo ndi mamilimita 85.

Ku China mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri za njanji ndi mamilimita 1,435, muyezo umene unafala kuchokera ku njanji za George Stephenson ku England. Mongolia inatengera wa ku Russia, wa mamilimita 1,520. Kusiyanako sikufika n'chikhatho chomwe, komabe mawilo a uku sangayende uko. Kungowonjezera chitsulo chachitatu sikuthekanso, chifukwa mutu wa chitsulo cha njanji pawokha ndi pafupifupi mamilimita 70, ndiye ziwirizo zingathinane, wilo n'kusowa podutsa.

Choncho amasintha mawilo onse. Injini yaing'ono imamasula mabogi n'kuwakankhira mu shedi yaikulu, limodzilimodzi, kuti lililonse liime pakati pa majeke anayi amagetsi. Mudzamva kugunda kwamphamvu kangapo. Musachite mantha, ndi mmene amalumikizira ndi kulumula mabogi. Anchito amalowa pansi n'kumasula ndodo za mabuleki ndi zonse zomangirira bogi ku zimango ziwiri za mawilo. Kenako majeke amayamba kukwera, onse anayi pamodzi. Amakwera pang'onopang'ono moti tiyi wa m'kapu sagwedezeka, ndipo mumangozindikira poona pawindo kuti zipewa za anchito zatsala pansi. Jeke mmodzi akatsogola anzake bogi lingapendekeke, n'chifukwa chake ntchitoyi sichita kuthamangira. Zimango za ku China amazikoka ndi chingwe, zotakata zija n'kulowa m'malo mwake. Bogi likatsika amamanganso zonse n'kuyesa mabuleki.

Dziwani ziwiri musanafike. Zimbudzi amazikhoma nthawi yonseyi, choncho pitani kukadali msanga, mutungiretu ndi madzi akumwa. Ndipo mukatsikira pa siteshoni, simubwerera m'bogi mpaka sitima itabwerako ku shedi. Ngati alola kutsala m'kati, tsalani. Ndi ntchito yofunika kuiona ndi maso, makamaka kwa aliyense wokonda zitsulo.

Mayiko ena anathana nalo m'njira zina vutoli. Ku Spain njanji zakale ndi za mamilimita 1,668, ndipo kuyambira 1969 sitima za Talgo zimadzisinthira zokha zikamalowa pa njanji za mamilimita 1,435: zimadutsa pang'onopang'ono pamakina apadera, mawilo amamasuka, amasendera m'kati kapena kunja, n'kukhomekanso anthu ali chikhalire. Ndi nzeru yosiririka, koma mawilo oterewa ndi okwera mtengo kugula ndi kusamalira, motero katundu wambiri wodutsa m'malire a China amangomutsitsa n'kumukweza m'mabogi ena. Ku Britain anachita kuzula vutolo ndi mizu: lamulo la 1846 linakhazikitsa muyezo wa Stephenson pa njanji zatsopano zonyamula anthu, ndipo njanji yotakata ya katswiri wina womanga njanji, Isambard Brunel, inatheratu mu 1892.

Sitima imanyamuka ku Erlian pakati pa usiku, n'kuimanso pa Zamyn-Uud kuti a ku Mongolia adinde mapasipoti. Musagoneretu asanakubwezereni yanu. Kukacha muli m'chipululu cha Gobi, ndipo bogi lodyera la ku China lija mupeza linatsala m'malire, alumikizapo la ku Mongolia.