Lachinayi: tsiku la mavoti a ufiti pa foni

Lero mvula inayamba m'bandakucha, magetsi n'kuthima ndisanadzuke n'komwe. Ndinakoleza mbaula, n'kutereka madzi a tiyi, ndipo podikira kuti awire ndinatsegula foni. Pa gulu la WhatsApp la kumpingo kwathu mauthenga anali atawunjikana usiku wonse, onse a linki imodzi. Tsamba lina la nkhani pa Facebook linaika funso loti anthu avotere: kodi lamulo livomereze kuti ufiti ulipo kuti mfiti zizimangidwa? Mayankho anali awiri basi, eya kapena ayi. Mayi wina wa kwaya analemba kuti, "Abale ndi alongo, tiyeni tikavote eya, anthu osapemphera asatipose. Mukavota tumizani kwa ena." Pansi pake ma ameni anali mbwee.

Tiyi asanazizire, linki yomweyo inatulukiranso pa gulu la anzanga amene tinali nawo ku koleji. Kumeneko nyimbo inali ina. "Akuluakulu, taonani zochititsa manyazi izi, tiyeni tikazitembenuze." Wina anadzitama kuti wavota pa foni yake, ya akazi ake ndi ya mwana wake womwe. Wina anati watumiza linkiyo ku gulu la anthu osakhulupirira zamizimu la ku South Africa ndi lina la ku Kenya. Pofika 7 koloko ndinali nditaona ndi maso anga mmene nambala imene madzulo izitchedwa maganizo a Amalawi ikuphikidwira, kuchokera mbali zonse ziwiri. Ine sindinavote.

Kusukulu ndinafika nditanyowa m'miyendo, chifukwa wakabaza anadutsa pachithaphwi. Pa nthawi yopuma, mnzanga wophunzitsa za Baibulo anabwera ndi foni yake m'manja, nkhope ili ngwee. Panthawiyo eya ndiye amatsogola kutali.

"Aphunzitsi, mwaona? Amalawi alankhula."

Ndinawafunsa kuti, "Amalawi ake ati, bambo?"

"Amenewa, anthu masauzande awa."

"Nanga amayi anu kumudzi kuja avota?"

Anaseka, n'kunena kuti amayi awo foni yawo ndi ya mabatani, ndipo kutchaja amakatchajitsa pa golosale. Ndinawauza kuti ndi zomwezo zikundivuta. Wamva m'mimba ndi amene amatsegula chitseko. Pa mavoti otere amathamangirapo ndi munthu amene nkhaniyo yamutentha mtima, ali ndi foni yamakono, wagula bandulo, ndiponso wina wamutumizira linki. Amene alibe chimodzi mwa zinthu zinayi zimenezi sawerengedwa, ndipo osawerengedwawo ndi ochuluka kuposa owerengedwa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tinalipo anthu 17.5 miliyoni, ndipo 84 mwa 100 alionse ankakhala kumudzi. Amene amalowa pa intaneti m'dziko muno sakwana n'komwe mmodzi mwa atatu.

Belu linalira tisanamalize. Ndinali ndi Fomu 4, ndipo mwamwayi tili pa mutu wa statistics, choncho ndinangoinyamula nkhaniyo kulowa nayo m'kalasi. Ndinawafunsa ana kuti ndi angati amene agogo awo ali pa Facebook. Kalasi yonse inafa ndi phwete. Kenako mtsikana wina wa pabenchi la kutsogolo, amene sachedwa kufunsa, anaimika dzanja. "Sala, koma anthu akavota ambiri zedi, si ndiye kuti yankholo likuyandikira zoona?"

Funso limeneli ndi limene limasocheretsa akuluakulu ambiri, ndiye ndinakhalitsapo. Ndinawauza za ku America mu 1936. Magazini ya Literary Digest inkafuna kudziwiratu amene apambane upulezidenti pakati pa Franklin Roosevelt ndi Alf Landon. Inatumiza makalata pafupifupi 10 miliyoni, ndipo anthu oposa 2 miliyoni anayankha. Atawerenga anati Landon apambana ndi mavoti 57 mwa 100. Tsiku la chisankho Roosevelt anatenga madera 46 mwa 48, Landon n'kutsala ndi Maine ndi Vermont basi. Chinalakwika n'chiyani? Mayina ambiri anawatenga m'mabuku a manambala a foni ndi m'kaundula wa eni magalimoto, pa nthawi imene dziko linali pa umphawi wadzaoneni ndipo osauka ambiri analibe zinthu zimenezo. Komanso mwa olandira makalatawo, amene ankadana ndi Roosevelt ndi amene anachita khama kuyankha. Katswiri wina wa kafukufuku, George Gallup, anafunsa anthu ochepa kwambiri poyerekeza ndi amenewa, koma anayesetsa kuti akhale a magulu osiyanasiyana, ndipo ananena molondola kuti Roosevelt apambana. Magaziniyo sinathe zaka ziwiri, inatsekedwa.

Mnyamata wina kumbuyo anati, "Ndiye zili ngati kuyeza chimanga cha pachulu n'kumati munda wonse wabereka choncho." Ndinamuuza kuti alembe zimenezo m'kope mwake, wamvetsa. Ngakhale uthyole zitsononkho zonse za pachulupo, za kumunsi kumene madzi anakokolola feteleza sunazione.

Masana zinthu zinatembenuka. Nditabwerera m'chipinda cha aphunzitsi, ayi anali atapitirira eya. Tsopano wosangalala anali mphunzitsi wachinyamata wa sayansi. "Bwana, mwaona? Dziko layamba kutseguka m'maso." Ndinamuuza zomwe ndinawauza a za Baibulo aja, ndipo nayenso sanakondwe nazo. Kuyambira m'mawa mpaka masana palibe Mmalawi ndi mmodzi yemwe amene anasintha maganizo ake pa za ufiti. Linki yokha ndi imene inasamuka, kuchoka m'magulu a mipingo kupita m'magulu a okayikira, ena a iwo sanapondepo m'dziko muno.

Zimenezi si zachilendo kunjaku. Ku America kuli mphunzitsi wa sayansi ya zamoyo, PZ Myers, wosakhulupirira Mulungu, amene kwa zaka zambiri ankati akaona mavoti a pa intaneti okhudza chipembedzo, ankauza omutsatira kuti akavotere mbali inayo, ndipo m'maola ochepa zotsatira zinkatembenuka. Mwini wake ankanena poyera kuti akufuna anthu aone kuti manambala otere alibe tanthauzo. Mu 2009 magazini ya Time itafunsa anthu pa intaneti kuti munthu wofunika kwambiri padziko lonse ndi ndani, anyamata a pa tsamba la 4chan anagwiritsa ntchito mapulogalamu ovota okha mobwerezabwereza mpaka mwini tsamba lawolo anakhala nambala wani. Ngati zinatheka pa magazini yaikulu chotero, kuli bwanji katsamba ka kuno koyendetsedwa ndi munthu mmodzi pa foni?

Titaweruka ndinakwera minibasi kupita cha ku Thondwe kukaona azakhali, alongo awo a malemu bambo anga, amene akhala akudandaula mawondo. Ndinawapeza m'khitchini akukupiza moto wa nkhuni zonyowa, utsi uli tolo, maso atafiira psuu. Amakhala okha chimwalirire amuna awo, ndi kamdzukulu kamodzi kamene kamawatungira madzi. Ndinawapatsa shuga ndi mankhwala opaka, tinakhala pamphasa, n'kumakamba za mbewu ndi mtengo wa feteleza. Kenako ndinawafunsa funso la pa Facebook lija, mmene linalembedwera.

Anakhala chete kanthawi. "Ufiti ulipo, mwanawe, usamachite masewera," anatero. "Koma zomanga anthuzo ayi. Akayamba kumanga ayambira ife. Mwana akangodwala m'mudzi muno, maso onse amayang'ana nyumba ya nkhalamba."

Yankho la azakhali lilibe batani pa foni paja. Funsolo linamangirira zinthu ziwiri pamodzi, kukhulupirira kuti ufiti ulipo ndi kufuna kuti anthu azimangidwa, ndiye munthu wovomereza choyamba n'kukana chachiwiri adina pati? Akadina eya, awerengedwa ngati wofuna ndende. Akadina ayi, anzake akumpingo amuona ngati wokana zimene amakhulupirira. Ndipo amene nkhaniyi ikuwakhudza pakhungu, agogo okhala okha a maso ofiira ndi utsi, ndi omwewo amene mavoti a pa foni sangawafikire.

Apa ndi pamene mtima wanga ukuwawira, chifukwa iyi si nkhani yosankha dzina la timu ya mpira. Lamulo la za ufiti limene tili nalo ndi la mu 1911, la nthawi ya atsamunda, ndipo limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Mu 2021 komiti yapadera ya Law Commission, bungwe lounikanso malamulo a dziko, inapereka maganizo akuti lamulo lizindikire kuti ufiti ulipo. Pakati pa zokambirana zonsezi pali anthu amene akufa. Mu Januwale 2016 ku Neno nkhalamba zinayi zinaphedwa mphenzi itapha mtsikana wina, abale awo omwe atazinamizira kuti ndizo zatumiza. Ndiye wina akatenga chithunzi cha mavoti a m'mawa aja n'kumachizunguza m'magulu kuti dziko lonse lati mfiti zimangidwe, akupereka mphamvu kwa mnyamata amene wanyamula kale chibonga. Winanso akatenga cha masana chija n'kumati Amalawi asiya kukhulupirira ufiti, akugonetsa tulo anthu amene amayenera kudzuka n'kuteteza agogowa.

Zoona zake zilipo, ndipo sizindisangalatsa. Mu 2022 Afrobarometer, imene imafufuza maganizo a anthu m'mayiko a mu Africa, kudzera ku Centre for Social Research ya konkuno ku Zomba, inafunsa anthu akuluakulu 1,200 m'dziko lonse, maso ndi maso, m'zilankhulo zawo, atasankhidwa mwa maere kuti wakumudzi ndi wam'tauni, mayi ndi bambo, onse akhale ndi mwayi wofunsidwa. Anthu 74 mwa 100 alionse anati amakhulupirira kwambiri kuti ufiti ulipo, ndipo 72 mwa 100 anati ukhale mlandu. Ine amene sindifuna kuona nkhalamba ikukokeredwa kukhoti ndikanakonda manambala ena, koma awa ndimawalandira chifukwa ndikudziwa mmene anapezekera. A za Baibulo aja angati, "Si izi, mavoti a m'mawa ananena zomwezi." Ayi, anangogundana nazo, ndipo pofika masana anali atazitaya. Kafukufuku weniweniyo anaonetsanso zimene batani silingaonetse: ophunzira kwambiri ndi amene amakhulupirira ufiti kuposa amene sanapite kusukulu, ndipo anthu ambiri anavomereza kuti okalamba ndiwo amalozedwa chala kawirikawiri. Mphunzitsi wa sayansi uja akadziwa zimenezi asiya kuganiza kuti vutoli ndi la kumudzi kokha.

Pobwerera m'minibasi ndinakumbukira mlongo wanga, amene anagwira nawo ntchito ya kalembera mu Seputembala 2018. Ankabwera madzulo mapazi atatupa, atayenda khomo ndi khomo ndi kamakina kolembera mayankho, ndipo akapeza pakhomo palibe anthu ankabwererako mawa lake. Thukuta limenelo ndi limene linatipatsa manambala akuti Akatolika ndi 17 mwa 100, a CCAP 14, Asilamu pafupifupi 14, ndipo opanda chipembedzo 2 okha. Munthu wongowerenga mikangano ya pa Facebook angaganize kuti osapembedzawa ndi theka la dziko, kapena kuti kulibiretu, malingana ndi tsamba limene watsegula.

Usiku anaimba foni msuweni wanga wa ku Leeds, ku Britain. Nditamufotokozera, anati kwawokonso zoterezi zavuta, ngakhale pa kafukufuku wooneka wapamwamba. Mu 2025 bungwe la Bible Society linatulutsa lipoti loti achinyamata a zaka 18 mpaka 24 opita kutchalitchi mwezi ndi mwezi anakwera kuchoka pa 4 mwa 100 mu 2018 kufika pa 16 mu 2024. Abusa analalikira nazo, kumpingo kwake anawomba m'manja. Koma akatswiri ena anakayika, chifukwa ofunsidwawo anali anthu odzilembetsa okha pa intaneti, ndipo akafukufuku ena osankha anthu mwa maere sanaone kukwera koteroko. Pew Research Center ya ku America inayesapo njira yodzilembetsayi mu 2022: inafunsa anthu ngati ali ndi chiphaso choyendetsera sitima yankhondo ya pansi pa madzi yoyendera mphamvu ya nyukiliya, ndipo achinyamata 12 mwa 100 anati eya. Ambiri amangodina kuti amalize msanga alandire kandalama kawo. Ine ndimapemphera, ndipo ndingakondwe matchalitchi a ku Britain atadzaza, koma chikhulupiriro changa sindingachikhazike pa nambala imene sindikudziwa kuti anaidina ndani.

Cha m'ma 9 koloko tsamba lija linatseka mavoti n'kulemba mutu waukulu woyamba ndi mawu akuti "Amalawi ati". Ndinawalembera eni tsambalo mwaulemu kuti asinthe, alembe kuti ndi maganizo a anthu amene anadina patsamba lawo, ndipo anene kuti munthu ankatha kuvota ndi mafoni angapo. Ndinalembanso pa gulu la kumpingo, kuwapempha amayi a kwaya kuti chithunzi cha m'mawa chija asachitumizenso, ndipo ndinatchula za azakhali. Mkulu wa mpingo mmodzi wayankha kuti tikambirane Lamlungu tikatuluka m'mapemphero.

Mawa ndikapempha kaundula wa sukulu yonse kwa ahedi. Ana a Fomu 4 akalemba manambala a ophunzira onse pa timapepala, tikaika m'katoni, ndipo amene nambala yake yatuluka ndi amene akafunsidwe, kaya ndi wolongolola kaya ndi wamanyazi. Mafunso akhala awiri osiyana, la kukhulupirira palokha ndi la kumanga palokha, ndipo lililonse likhala ndi malo a munthu wofuna kunena kuti sakudziwa.