Zikomo nonse, patent ija yafafanizidwa

Abale ndi alongo okonda mapulogalamu aufulu, aja a pakompyuta amene aliyense angathe kuwagwiritsa ntchito, kuwasintha ndi kuwagawa, nkhani mwaimva kale. Ofesi yoona za ma patent (zikalata zopatsa munthu umwini wa nzeru yatsopano imene watulukira) ku America, USPTO, yafafaniza zonse zimene patent nambala 9,936,086 inkati ndi zake. Ndi ija kampani ina inasumira nayo GNOME Foundation, bungwe la mapulogalamu aufulu, chifukwa cha Shotwell, kapulogalamu kosungira ndi kusanja zithunzi. Zinayamba mu 2019, zinatha mu 2022. Tatopa nazo, koma lero tigona tulo.

Bambo McCoy Smith, loya amene munapempha kuti patentyo iunikidwenso, zikomo. Ndiyambe ndi inu, ngakhale kuti ntchito yanu inabwera kumapeto.

Kampani inasumayo sindiitchula dzina pano. Sipanga kamera, sipanga foni, silemba pulogalamu. Katundu wake ndi mapepala a ma patent basi. Inakasuma kukhoti la federal la kumpoto kwa California, kenako n'kunena kuti ikalandira madola masauzande makumi angapo, nkhani yatha. Mtengowo sanauike mwangozi. Amauika pansi pa ndalama zimene ungawononge podziteteza, kuti wowerengera ndalama wako akuuze yekha kuti ingolipira. Ku America aliyense amalipira loya wake ngakhale atawina mlandu. Khoti limalamula wogonja kubweza ndalamazo pokhapokha mlandu utakhala wopanda mutu moonekeratu, ndipo ngakhale litalamula, makampani oterewa kawirikawiri amakhala opanda kanthu koti n'kulanda. N'chifukwa chake ambiri amalipira mwakachetechete, ndipo ndalama yomweyo ndi imene imakalembera chisamani cha wina.

GNOME inakana, ndipo mu Okutobala 2019 inapereka zikalata zitatu kukhoti. Choyamba chinali chopempha kuti mlandu uthetsedwe chifukwa patentyo siinayenere kuperekedwa n'komwe. Chachiwiri chinali chokana kuti Shotwell yaphwanya kalikonse. Chachitatu, chimene ambiri sanachimvetse nthawi ija, chinali kusuma mobwezera. Amalondawa akaona kuti munthu walimba khosi, amangochotsa mlandu n'kupita kwa wina wofooka, patent ili m'manja. Ukawasumira nawenso, khomo lothawira latsekeka, sangachoke okha popanda kukambirana nawe.

Tsopano inu amene munasonkha ndalama zolimbanira mlanduwu. Cholinga chinali madola 125,000. Zinapitirira 150,000, kuchokera kwa anthu oposa 4,000. Gawani nokha muone: ndi madola makumi ochepa munthu aliyense. Ana asukulu, aphunzitsi, opuma pantchito, anthu amene Shotwell sanaitsegulepo n'kamodzi komwe. Gulu lina la mapulogalamu aufulu, la Debian, nalo linaponyapo. Mulungu abwezeretse pamene munachotsa, ndipo awonjezere.

Ena mpaka lero amafunsa kuti ndalamazo zinali za chiyani, popeza maloya a Shearman & Sterling anagwira ntchito mwaulere. Inde, anaterodi, ndipo nawonso tikuwathokoza ndi manja awiri. Koma loya waulere amakupatsa maola ake okha. Ndalama zolipira kukhoti zimakhalapobe. Katswiri wodzachitira umboni za mmene pulogalamu imagwirira ntchito amalipidwa pa ola. Ofufuza zolembedwa zakale, zosonyeza kuti nzeru imene patent ikuti ndi yatsopano inalipo kale, amalipidwanso, ngakhale kuti pa mbali iyi a Open Invention Network, bungwe loteteza mapulogalamu aufulu ku milandu ya ma patent, anathandizapo. Mlandu ukafika pofunsana mafunso molumbira, olemba mawu amafuna yawo. Ndiye pali china chimene sichilembedwa pa risiti: wokusumirayo amayang'ana thumba lako tsiku ndi tsiku. Akaona nambala ikukwera poyera, amadziwa kuti sudzagonja chifukwa cha njala.

Mu Meyi 2020 anagwirizana. GNOME siinagule mtendere wake yokha ayi. Lonjezo loti sadzasumidwa linafikira pulogalamu iliyonse yotulutsidwa ndi laisensi yovomerezedwa ndi Open Source Initiative, bungwe loona za malaisensi a mapulogalamu oterewa, pa ma patent onse a mwini kampaniyo, malinga ngati pulogalamuyo ndi gawo lenileni la zomwe akudandaula. Tinasangalala. Koma patent inali ikadali yamoyo. Mgwirizano ndi pepala la pakati pa anthu amene asayina. Patent ingathe kugulitsidwa, ndipo mkangano woti lonjezo lija likumanga wogulayo kapena ayi ungafune loya wina ndi ndalama zina.

Apa ndi pamene bambo Smith, loya wa ku Lex Pan Law, anaima pamene ambiri tinali titakhala kale pansi. Anapempha USPTO kuti iunikenso patentyo, njira imene amaitcha ex parte reexamination. Aliyense angapemphe, sikuti uchite kukhala wosumidwa. Koma si kalata yodandaula wamba. Umatenga ndime iliyonse ya zomwe patent ikunena kuti ndi zake, n'kuiyika pambali pa ma patent akale kapena zolembedwa zosindikizidwa zimene zinatuluka tsiku la patentyo lisanafike, n'kusonyeza mawu ndi mawu kuti zinalipo kale. Umboni wa pakamwa woti ndinkazigwiritsa ntchito kalekale sulandiridwa m'njira imeneyi. Ofesi ikavomera kuti pali funso latsopano lomveka, nkhani imatsala pakati pa woyesa wa boma ndi mwini patent, iwe wopemphawe umangoonera. Choncho pempho loyambalo liyenera kukhala lokwana, chifukwa mpata wokonza umakhala wochepa kwambiri. Ndi ntchito yotopetsa maso, yopanda wokuombera m'manja. Anaichita, ndipo lero palibe angaopsezenso munthu ndi nambala imene ija. Bambo Smith, Ambuye akupatseni moyo wautali.

Kwa amene munkati GNOME ikufuna kutchuka, ingolipira zithe, moni. Kwa makampani amene mumadya za mapulogalamu aufulu chaka ndi chaka koma mbale ikamazungulira mumayang'ana kudenga, tinakuonani. Sindiwonjezera.

Popeza kalata ngati imene ija idzafika kwa wina mawa, mverani izi. Kukhoti la federal, ukalandira chisamani uli ndi masiku 21 oti uyankhe, ndipo ukangokhala chete wodandaula angawine popanda kuzenga. Masiku amenewo sakwana kufuna loya ndi kusonkha ndalama nthawi imodzi, ndiye thumba lizikhalapo mlandu usanabwere, m'manja mwa bungwe lolembetsedwa, osati mu akaunti ya munthu mmodzi. Nenani poyambirira kuti zotsala zidzapita kuti, kuopa kukangana pambuyo. Musayankhe kalatayo nokha, ngakhale mutapsa mtima bwanji. Musakambirane poyera zoti mwina khodi ya pulogalamu yanu ikufananadi ndi patent, chifukwa mawu amenewo adzawawerenga pamaso pa woweruza. Musafufute maimelo, ndipo musasinthe mbiri ya mu git, momwe mumasungidwa zonse zimene zasinthidwa mu khodi, popeza kuwononga umboni kuli ndi chilango chakechake. Sunganinso mabuku akale a malangizo ndi zolengeza za mtundu uliwonse wa pulogalamu, madeti ake akuoneka bwino. Mapepala oterewa, amene timawaona ngati zinyalala, ndi amene loya ngati bambo Smith amawafuna usiku ndi usana.

Milandu siinathe. Kumapeto kwa 2020 youtube-dl, pulogalamu yotsitsira mavidiyo, inachotsedwa pa GitHub, webusaiti yosungirapo khodi, n'kubwezeretsedwa a Electronic Frontier Foundation, bungwe loteteza ufulu wa pa intaneti, atalemba kalata, ndipo GitHub inaika padera madola 1 miliyoni otetezera olemba mapulogalamu. Mlandu wa Christoph Hellwig, wolemba mapulogalamu, ku Hamburg ku Germany, wokhudza GPL, imodzi mwa malaisensi a mapulogalamu aufulu, unayamba mu 2015 n'kutha mu 2019, zaka zinayi za ndalama zotuluka. Mu Okutobala 2021 a bungwe la Software Freedom Conservancy anatengera Vizio, kampani ya ma TV, kukhoti ku California, kufuna kuti wogula TV azipatsidwa khodi imene GPL imamulonjeza. Amene mwatsala ndi kangachepe, ndi ku milandu yotere kukufunika. Ndipo amene mudzakumane ndi bambo Smith pa msonkhano uliwonse, muwagwire chanza m'malo mwa tonsefe.